Phunziro 8: Mbale ya Wodwala Pakati Pathu

SABATA MASANA

WERENGANI PA PHUNZIRO LA SABATA INO: Genesis 1:29, 1 Samueli 14:24-30, 2 Mafumu 20:1-7, Miyambo 25:16, Danieli 1:8-16, Marko 5:35-43, Machitidwe 6:1-7.

VESI LOLOWEZA: 3 Yohane 2.

GANIZO LOFUNIKA: Munthu wodwala matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi sadya payekha. Amadya za mumphika wa banja ndi za pa mphasa ya mpingo. Chifukwa chake kusamala chakudya chake ndi udindo umene Mulungu waika pa ife tonse.

MTUMWI YOHANE, polembera Gayo wokondedwa wake, sanalekanitse moyo wauzimu ndi thanzi la thupi. Anampempherera zonse ziwiri pamodzi. Pemphero lomwelo timapemphererana Sabata ndi Sabata, koma kawirikawiri timaiwala kuti gawo lina la yankho lake Mulungu analiika m'manja mwa amene amalima, amene amagula ndiwo pa msika ndi amene amaphika.

Kale tinkayesa kuti matenda awiriwa ndi a anthu olemera a m'mizinda. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita m'dziko lonse la Malawi m'chaka cha 2009, mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, anaonetsa zina. Mwa anthu a zaka 25 kufikira 64, pafupifupi 33 pa 100 alionse anapezeka ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 pa 100 anapezeka ndi matenda a shuga. A kumidzi sanasiyidwe. Mwa anthu 10 alionse amene magazi awo ankathamanga, oposa 9 sankadziwa kapena sankalandira mankhwala.

Tiyeni tiike chiwerengero chimenechi pa mabenchi a tchalitchi chathu. Mumpingo wa akuluakulu 90, kaya ndi ku Mponela, ku Madisi, ku Mvera kapena ku Malomo m'boma la Ntchisi, anthu ngati 30 angakhale ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ngati asanu ndi matenda a shuga. Amenewa si alendo. Ndi mkulu wa mpingo, mayi wa Dorika, mphunzitsi wa kalasi lathu, kapena ife eni ake.

TSIKU LOYAMBA

ADANI AWIRI OYENDA MWAKACHETECHETE (Masalmo 139:13-16, Yohane 9:1-3).

Kodi wamasalmo akutiphunzitsa chiyani za mapangidwe a thupi lathu? Masalmo 139:13-16.

Nsima, mbatata, chinangwa ndi mpunga zikalowa m'mimba zimasanduka shuga, ndipo shugayo amalowa m'magazi kuti akakhale mphamvu ya ziwalo. Koma shuga sangalowe m'minofu popanda chotsegulira khomo. Chotsegulira chimenecho ndi insulini, imene Mlengi anakonza kuti izipangidwa m'kapamba. Insulini ikasowa, kapena thupi likaleka kuimvera, shuga amachuluka m'magazi pamene minofu ili ndi njala. Munthu amamva ludzu losatha, amakodza pafupipafupi ngakhale usiku, amatopa, amaonda, amaona mwachimbuuzi, ndipo zilonda zake zimachedwa kupola.

Mtundu woyamba wa matendawa kawirikawiri umayamba paubwana kapena paunyamata, ndipo wodwala sangakhale ndi moyo popanda jakisoni wa insulini. Mtundu wachiwiri, umene uli ndi anthu ambiri, umabwera pang'onopang'ono munthu atakula, ndipo umayendera limodzi ndi kunenepa, kusagwira ntchito yolimbitsa thupi, ndi chibadwa cha ku mtundu. Ku chipatala amati munthu ali ndi matendawa ngati shuga woyezedwa m'mawa asanadye afika pa 126 mg/dl, kapena 7.0 mmol/l pa makina ena, ndipo zikhala chomwecho poyezanso.

Dzina lakuti kuthamanga kwa magazi lingatisokoneze. Vuto lenileni ndi mphamvu imene magazi amakankhira zipupa za mitsempha. Taganizirani chubu cha njinga chimene chapopedwa mopitirira tsiku ndi tsiku. Kunja tayala limaoneka lolimba, koma tsiku lina limaphulika pa malo ofooka. Muyeso ukakhazikika pa 140/90 kapena kuposerapo, mitsempha imayamba kuonongeka, ngakhale munthu sakumva kupweteka kulikonse. Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mapeto ake ndi kufa ziwalo mbali imodzi, kufooka kwa mtima, khungu, kapena kulephera kwa impso, kumene kumafuna makina osefa magazi monga a ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Matenda awiriwa akakumana mwa munthu mmodzi, chionongeko chimafulumira.

Kodi Yesu anakonza bwanji maganizo a ophunzira ake pa za chiyambi cha matenda? Yohane 9:1-3.

Munthu akagwa mwadzidzidzi m'munda nafa mbali imodzi, mudzi umafunafuna mfiti, ndipo nthawi zina mpingo umafunafuna tchimo. Yesu anachotsa maso a ophunzira ake pa kufufuza wolakwa, nawaika pa ntchito imene Mulungu angachite mwa wodwalayo. N'zoona kuti kadyedwe kathu kamaitana matenda. Koma pali abale odziletsa amene analandira matendawa kuchokera ku mtundu wawo, ndipo pali ana amene sanachite kanthu. Ntchito yathu ndi kuthandiza; kuweruza si kwathu.

Kodi munayezetsa liti magazi anu komaliza? Ngati thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera (1 Akorinto 6:19, 20), kodi mdindo wokhulupirika angakhale zaka zambiri osayendera maziko a nyumba imene anasungitsidwa?

LOLEMBA

MUNDA WA EDENE NDI MINDA YA KWATHU (Genesis 1:29, 3:18, Danieli 1:8-16).

Tchulani zakudya zimene Mulungu anapatsa munthu pachiyambi, ndi zimene anaonjezerapo uchimo utalowa. Genesis 1:29, 3:18.

Mbewu za m'munda, zipatso, mtedza ndi masamba ndizo zakudya zimene madokotala amalangiza lero kwa wodwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndipo taonani, nthaka ya Dowa ndi mapiri a Ntchisi zimabala zonsezi: chimanga, nyemba, khobwe, nzama, soya, mtedza, maungu, mapeyala, magwafa, masuku, bonongwe, chisoso, nkhwani, khwanya, kholowa ndi mpiru. Chakudya cha wodwala sichifuna kugulidwa m'sitolo za ku Lilongwe. Chambiri chili m'nkhokwe ndi ku dimba.

Chovuta chili m'mitima yathu. Tinazolowera kuyesa nsima yoyera ngati ya ulemu, ndi mgaiwa ngati wa m'chaka cha njala. Komatu pokonola chimanga, kuviika mphale ndi kuitsuka, timataya gaga ndi kamtima ka njere, m'mene muli mavitamini ndi zotsalira zimene zimachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Zabwinozo timapatsa nkhuku, ife n'kutsala ndi ufa umene umasanduka shuga msanga. Mgaiwa ndi wabwino koposa; koma tisanyengedwe, nawonso umakweza shuga ngati tidya mitanda yambiri.

Alangizi a zaumoyo m'dziko muno amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Kwa wodwala, magulu onsewa amafunika, koma pa muyeso wake. Njira yosavuta ndi iyi: theka la mbale likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi likhale nyemba kapena ndiwo zina zomanga thupi, ndipo gawo lotsalalo likhale nsima, ya msinkhu ngati nkhonya ya wodwalayo. Amene amagwira khasu tsiku lonse afunse a chipatala za muyeso womuyenera. Uku ndi kutembenuza mwambo wathu, pakuti ife tinazolowera phiri la nsima ndi ndiwo zongopaka. Bungwe la WHO limalangiza magalamu 400 a masamba ndi zipatso tsiku lililonse.

Kodi Danieli anapempha chiyani, ndipo anapempha ndi mzimu wotani? Danieli 1:8-16.

Danieli anakana zonona za pa gome la mfumu, koma anakana mwaulemu, napempha kuti ayesedwe masiku khumi. Yesero lotere lachitikanso m'masiku athu. Kuyambira m'chaka cha 2002, sukulu ya ukachenjede ya Loma Linda inayamba kutsata umoyo wa Aadventisti pafupifupi 96,000 a ku America ndi Canada. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2009 zinaonetsa kuti mwa odya zomera zokhazokha, pafupifupi 3 pa 100 anali ndi shuga wa mtundu wachiwiri, pamene mwa odya nyama nthawi zonse anali pafupifupi 8 pa 100. Onsewa anali a mpingo umodzi ndi chiphunzitso chimodzi. Dzina la mpingo silinawateteze mofanana. Chinawasiyanitsa ndi chimene chinali m'mbale.

Kodi ndi zakudya ziti za kwanu zimene mumachita nazo manyazi pamaso pa alendo, chonsecho ndi zopatsa thanzi? Yerekezani ndi Miyambo 15:17.

LACHIWIRI

MCHERE NDI UCHI (Yobu 6:6, Miyambo 25:16, 27).

Kodi Baibulo limatsutsa mchere ndi zotsekemera? Yobu 6:6, Levitiko 2:13, Miyambo 24:13, 25:16, 27.

Malembo satcha mchere kapena uchi zinthu zoipa. Yobu anadziwa kuti chakudya chopanda mchere n'chovuta kumeza, ndipo Solomo anayamikira uchi. Koma Solomo yemweyo anachenjeza kuti wopeza uchi adye pa muyeso, kuopa kuti chokomacho chingamdwalitse. Kudziletsa kwa Mkhristu kuli pawiri: kusiyiratu choipa, ndi kugwiritsa ntchito chabwino mosapitirira. Ambiri a ife tinapambana pa mbali yoyamba. Sitisuta fodya ngakhale tikhala m'boma lolima fodya, sitimwa mowa, sitidya nyama yodetsedwa. Koma pa mbali yachiwiri, supuni ya mchere ndi ya shuga zimatigonjetsa tsiku ndi tsiku popanda wotidzudzula.

Mchere umasunga madzi m'thupi. Madzi akachuluka m'mitsempha, mphamvu ya magazi imakwera ndipo mtima umagwira ntchito yolemetsa. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike pa magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Muyeso umenewu ukuphatikiza mchere wa mumphika, wa pa mphasa, ndi wobisika m'buledi, m'tchipisi ta pa chiwaya, m'nsomba zothira mchere, m'timibulu tokometsera ndiwo, ndi m'zokometsera za m'mapaketi a nyama ya soya imene ambiri a ife timaikonda. Soda amene timathira m'therere ndi m'masamba kuti afewe ndi m'bale wake wa mchere pa ntchito yokweza magazi, ndipo amaononga ena mwa mavitamini a m'masambamo.

Wophika angayeze m'mawa mchere wa tsiku lonse m'kambale, osabwereranso ku paketi. Kambale ka mchere kachoke pa mphasa. Tomato, anyezi, adyo, ndimu ndi nsinjiro zimakometsa ndiwo popanda choopsa, ndipo patapita masabata ochepa lilime limazolowera. Mchere wochepawo ukhale wa ayodini, woteteza ku chithokomiro. M'chaka cha 1997 ku America kunafalitsidwa zotsatira za kafukufuku wotchedwa DASH. Odwala kuthamanga kwa magazi amene anadya masamba ndi zipatso zambiri, mkaka wochepa mafuta ndi zonona zochepa, nambala yapamwamba ya muyeso wawo inatsika ndi pafupifupi 11 m'masabata asanu ndi atatu. Kutsika kotere n'kofanana ndi ntchito ya mtundu umodzi wa mankhwala.

Shuga woopsa koposa ndi wakumwa, pakuti amalowa m'magazi nthawi yomweyo. Botolo limodzi la chakumwa chozizira la mamililita 300 limakhala ndi timasupuni ta shuga 7 kapena 8. Sobo, tiyi wa masupuni anayi, thobwa lothira shuga, nzimbe ndi uchi zonse zimakweza shuga wa wodwala. Zipatso n'zabwino, koma zidyedwe zathunthu ndi pa muyeso. M'nyengo ya mango, kuyambira Novembala kufikira Januwale, bango limodzi laling'ono ndi chakudya. Beseni lodzaza ndi ulendo wa ku chipatala. Mandasi ndi zitumbuwa zokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza zikhale za apo ndi apo. Chakumwa cha wodwala, ndi cha ife tonse, ndi madzi oyera.

Werengani 1 Akorinto 10:31. Kodi lamulo limeneli likukhudza bwanji dzanja limene limathira mchere mumphika wa banja lonse?

LACHITATU

PEMPHERO, MANKHWALA NDI CHAKUDYA (2 Mafumu 20:1-7; 1 Samueli 14:24-30; Mateyu 4:5-7).

Mulungu atamva pemphero la Hezekiya, kodi mneneri Yesaya analamula kuti achite chiyani? 2 Mafumu 20:1-7.

Mulungu analonjeza kuchiritsa mfumu, komabe analamula kuti aike nkhuyu pa chithupsa. Lonjezo silinachotse mankhwala, ndipo mankhwala sananyoze lonjezo. Mmodzi wa olemba Uthenga Wabwino, Luka, anali sing'anga (Akolose 4:14). Chisanafike chaka cha 1921, mwana wodwala shuga wa mtundu woyamba ankangopatsidwa chakudya chochepetsetsa, ndipo ambiri ankamwalira pasanathe nthawi yaitali. M'chaka chimenecho Frederick Banting ndi Charles Best anakwanitsa kutenga insulini m'kapamba ku Toronto, m'dziko la Canada, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14 anakhala woyamba kupulumutsidwa nayo. Nzeru yotere tiilandire ngati mphatso yochokera kumwamba.

Pano pali msampha umene wagwetsa abale ena. Amamva kuti chakudya chachilengedwe chimachiritsa zonse, kapena amapemphereredwa napeza bwino, ndipo amataya mankhwala. Ena amagula zitsamba za m'mabotolo pa msika, zolonjeza kuthetsa shuga m'sabata imodzi. Matenda awiriwa amagonja koma kawirikawiri sachoka. Muyeso ukakhala bwino, ndiye kuti mankhwala ndi chakudya zikugwira ntchito, ndipo ndi dokotala yekha angachepetse mankhwala atayeza. Kusiya mankhwala pofuna kuonetsa chikhulupiriro n'kofanana ndi kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, chimene Ambuye wathu anakana (Mateyu 4:5-7).

Kodi lumbiro la Sauli linawachita chiyani ankhondo ake, ndipo chinachitika n'chiyani Jonatani atalawa uchi? 1 Samueli 14:24-30.

Sauli analetsa anthu kudya m'dzina la kudzipereka, ndipo anthu analefuka. Jonatani atalawa uchi pang'ono, mphamvu zake zinabwerera. Nkhani imeneyi ili ndi phunziro kwa ife. Wodwala amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi a glibenclamide, akadumpha chakudya kapena kuyenda ulendo wautali wokwera mapiri ali ndi njala, shuga wake angatsike mopitirira. Amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, amamva chizungulire, amayankhula zosamveka ngati woledzera, ndipo angakomoke. Pamenepo shuga, amene masiku onse ndi mdani, amasanduka mankhwala. Mpatseni timasupuni titatu kapena tinayi ta shuga m'madzi, mubwereze patapita mphindi 15 ngati sanatsitsimuke, kenaka adye chakudya. Ngati wakomoka, musamthire kanthu m'kamwa. Mgonekeni chammbali ndi kuthamanga naye ku chipatala.

Chotero wodwala azidya pa nthawi zake, katatu pa tsiku, ndipo asasale chakudya asanafunse dokotala. Mapemphero athu a Sabata akatalika kufikira masana, asachite manyazi kutuluka kukadya kanthu. Sabata linapangidwa kuti lithandize munthu (Marko 2:27). Kusala kumene Mulungu amakondwera nako kuli pa Yesaya 58:6, 7, ndipo wodwala angakuchite osadumpha chakudya.

Zipatala za boma za Dowa, Mponela ndi Ntchisi, ndi za mishoni za Madisi, Mtengowanthenga ndi Mvera zili pakati pathu. Kodi alipo m'kalasi mwanu amene analephera kupita pa tsiku lolembedwa m'kabuku kake ka kuchipatala chifukwa chosowa womperekeza kapena ndalama ya ulendo?

LACHINAYI

MPHIKA UMODZI, THUPI LIMODZI (Marko 5:35-43, Machitidwe 6:1-7, 1 Akorinto 12:25, 26).

Yesu ataukitsa mwana wa Yairo, kodi anapereka lamulo lotani, ndipo analipereka kwa yani? Marko 5:43.

Iye amene anali ndi mphamvu youkitsa akufa akanatha kukhutitsa mwanayo ndi mawu okha. Koma chozizwitsa anachita yekha, ndipo chakudya anachisiya m'manja mwa makolo. Mpaka lero dongosolo ndi lomwelo. Namwino angalangize wodwala kwa mphindi zochepa kamodzi pa mwezi, koma zakudya 90 za mwezi umenewo zimaphikidwa kunyumba.

Kwathu kuno banja limadya za mumphika umodzi. Kuphika miphika iwiri kumafuna nkhuni zambiri ndi nthawi, ndipo wodwala amene akudya ndiwo zozizira mchere pambali, anzake akudya zokoma, sapirira nthawi yaitali. Njira yolimba ndi yakuti banja lonse lisinthe: mgaiwa wa onse, mchere wochepa wa onse, masamba ambiri kwa onse. Palibe amene ataye kanthu, ndipo ana, amene angakhale ndi chibadwa chomwecho, adzatetezedwa akadali aang'ono. Bambo ndi mayi apite limodzi ku chipatala, kuti wophika amve malangizo ndi makutu ake. Mutu umodzi susenza denga.

N'chifukwa chiyani atumwi anasankha anthu odzala ndi Mzimu ndi nzeru kuti ayang'anire kagawidwe ka chakudya? Machitidwe 6:1-7.

Mpingo woyamba unaona ntchito ya pa gome kuti ndi yopatulika. Tiyeni tidziyese. Pokazonda wodwala timanyamula buledi woyera, shuga ndi sobo, chifukwa ndizo zimaoneka zaulemu. Bwanji osanyamula nyemba, nsinjiro, mapeyala kapena mtolo wa nkhwani? Pa chakudya chapamodzi cha Sabata, pa ukwati, pa maliro ndi pa msonkhano wa misasa, timakakamiza mlendo kumwa chozizira, ndipo akakana timati watinyoza. Mtumwi Paulo anatiphunzitsa kuti tisaononge m'bale ndi chakudya chathu (Aroma 14:13-15). Pakhale madzi akumwa, ndiwo za mchere wochepa, ndi ufulu wokana popanda kufunsidwa zambiri.

Pali mtolo winanso. Kwa wodwala wonenepa, kutsika ndi makilogalamu 5 kufikira 10 pa 100 alionse kumathandiza kwambiri. Wa makilogalamu 80 atsike ndi 4 kufikira 8. Koma m'midzi yathu kunenepa kumayesedwa chizindikiro cha mtendere, ndipo woonda amanong'onezedwa kuti ali ndi kachilombo kapena banja silikumusamala. Ambiri amasiya malangizo a chipatala poopa pakamwa pa anthu. Pakamwa pamenepo pasakhale pa ife.

Tikumbukirenso miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha. Kulangiza za magulu asanu ndi limodzi kwa munthu amene akudya kamodzi pa tsiku, uku akumwa mankhwala otsitsa shuga, ndiko chikhulupiriro chopanda ntchito chimene Yakobo anadzudzula (Yakobo 2:15, 16). A Dorika angasonkhanitse nyemba, mtedza wopanda chuku ndi mfutso pa nthawi yokolola, kusungira odwala otere. Ndipo pa mwambo wosambitsana mapazi, tikaona chilonda pa phazi la m'bale wodwala shuga, timuuze mwachikondi kuti apite ku chipatala msanga, pakuti matendawa amachititsa dzanzi, ndipo chilonda chosamveka kupweteka chingadulitse mwendo.

Werengani Agalatiya 6:2. Tchulani chinthu chimodzi chimene kalasi lanu lingasinthe pa chakudya chapamodzi chikudzachi.

LACHISANU

KUPITIRIZA KUPHUNZIRA: Werengani 1 Mafumu 19:1-8 ndi Machitidwe 27:33-36. Onani m'mene Mulungu anatumikira Eliya wotopa ndi tulo, mkate ndi madzi asanamlankhule, ndi m'mene Paulo anadandaulira anzake a m'ngalawa kuti adye kuti apulumuke.

Uthenga wa zaumoyo unafika mu mpingo wathu mu Juni 1863, pamene Ellen G. White anaonetsedwa za nkhaniyi ku Otsego, m'chigawo cha Michigan. M'buku lake la The Ministry of Healing, la m'chaka cha 1905, anatchula mankhwala asanu ndi atatu a chilengedwe: mpweya wabwino, dzuwa, kudziletsa, kupumula, kulimbitsa thupi, chakudya choyenera, madzi, ndi kudalira mphamvu ya Mulungu. Anachenjeza za mchere wambiri ndi shuga wambiri, komanso anachenjeza za kupitirira muyeso pa kusintha kadyedwe, naphunzitsa kuti chakudya chigwirizane ndi nyengo, dziko ndi ntchito ya munthu. Kulimbitsa thupi kumene anatchulako, lero a WHO amakuika pa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Wolima ndi khasu amakwanitsa zimenezi. Wokhala m'sitolo, mu ofesi kapena pa njinga yamoto ayenera kuzifunafuna.

M'dziko muno mpingo wathu unayamba ntchito mu 1902 pa malo amene lero ndi Malamulo, m'boma la Thyolo, ndipo kulalikira ndi kuchiritsa zakhala zikuyendera limodzi kumeneko. Pakati pa zaka za m'ma 2010, sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda inayamba kuphunzitsa akatswiri oona za kadyedwe ka odwala. Katswiri wotere, kapena dokotala, ndiye woyenera kulangiza mayi woyembekezera, mwana wobaya insulini, ndi munthu amene impso zake zafooka, pakuti kwa wodwala impso ngakhale nthochi, nyemba ndi masamba ena zimafuna muyeso wapadera. Zimene taphunzira sabata ino sizilowa m'malo mwa malangizo awo.

MAFUNSO OKAMBIRANA:

1. M'bale wina akuchitira umboni mu mpingo kuti anapemphereredwa ndipo wasiya mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Kodi tingamthandize bwanji osaphwanya chikhulupiriro chake, komanso osalola kuti ena atsate chitsanzo chake?

2. Kodi n'zotheka kusunga malamulo a pa Levitiko 11 koma n'kumaononga kachisi wa Mulungu ndi zakudya zoyera? Fotokozani.

3. Tsiku la 17 Meyi limakumbutsa dziko lonse za kuthamanga kwa magazi, ndipo la 14 Novembala za matenda a shuga. Kodi mpingo wanu ungagwirizane bwanji ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti anthu a m'mudzi, a mpingo uliwonse, adzayezedwe pa masiku amenewa?

4. Kodi tingaphunzitse bwanji za kadyedwe koyenera popanda kusandutsa chakudya kukhala njira ya chipulumutso? Onani Aroma 14:17 ndi Aefeso 2:8, 9.

MWACHIDULE: Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi ali pakati pathu, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nawo. Mulungu watipatsa zida zitatu zimene sizitsutsana: pemphero, mankhwala a ku chipatala, ndi chakudya cha m'minda yathu chodyedwa pa muyeso ndi pa nthawi yake. Popeza wodwala amadya zimene banja laphika ndi zimene mpingo wagawa, thanzi lake lili m'manja mwathu. Tiyezetse, tichepetse mchere ndi shuga, tibwezere mgaiwa, nyemba ndi masamba pa malo aulemu, ndipo tisasiye m'bale aliyense kusenza yekha mtolo umenewu, kufikira tsiku limene sipadzakhalanso wonena kuti akudwala (Yesaya 33:24).